Mukufuna digiri ya utolankhani kapena ya zofalitsa nkhani? Werengani izi musanadzaze fomu

Chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikangotuluka, funso limene ndimalandira ndi limodzi. Ena ndi achinyamata amene angomaliza kumene Fomu 4, ena ndi makolo, amalume kapena achemwali amene adzasenze fizi: "Mwanayu akufuna za utolankhani, ndiye apite kuti?" Kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp sikukukwanira, chifukwa yankho lake silingathe m'mizere itatu. Ndiye ndalemba kamodzi pano.

Ndiyambe n'kunena zimene ndikukhulupirira. Ambiri amayamba ndi funso loti "yunivesite iti?" pomwe funso loyamba ndi loti "ntchito iti?" Wosankha sukulu asanadziwe ntchito imene akufuna amazindikira ali m'chaka chachitatu kuti analowa pakhomo lolakwika, ndalama zitapita kale. Tsatirani masitepe awa m'ndondomeko yake, musadumphe lachiwiri.

1. Dziwani kuti pansi pa dzina limodzi pali ntchito zingapo

Kumudzi aliyense wophunzira zimenezi amangomutcha mtolankhani, koma mapologalamu ake amatulutsa anthu ogwira ntchito zosiyana.

Pali utolankhani weniweni: kufufuza nkhani, kufunsa anthu, kutsimikiza, kulemba, n'kutulutsa pa wailesi, pa kanema, mu nyuzipepa kapena pa intaneti. Bwana wanu pamenepa ndi mkonzi, koma amene mukumutumikira ndi womvera ndi wowerenga.

Pali ntchito ya uneneri wa kampani kapena bungwe, imene ambiri amangoti PR. Mukamva pa wailesi kuti "mneneri wa bungweli wanena kuti," ndi ameneyo. Iye amayankhulira amene akumulipira, amalemba zikalata zopita kwa atolankhani, amakonza misonkhano, ndipo zinthu zikavuta pa kampani ndiye amaima kutsogolo. Pafupi ndi ntchitoyi pali ya kutsatsa malonda.

Pali kufalitsa mauthenga a chitukuko. Mauthenga a katemera, a kolera, a kadyedwe kabwino ka ana, a ulimi wamthirira, a kulembetsa m'kaundula wa mavoti, onsewa amakonzedwa ndi anthu amene anaphunzira momwe uthenga umafikira mayi wa ku Nsanje kapena mlimi wa ku Chitipa mpaka asinthe zochita. Ntchito zambiri za mtunduwu zili m'mabungwe omwe si aboma ndi m'maunduna.

Ndipo pali ntchito ya manja: kujambula, kudula ndi kulumikiza zithunzi ndi mawu pa kompyuta, kukonza mapologalamu a pa wailesi ndi mafilimu.

Ntchitozi zimakhudzana, ndipo anthu amachoka ina kupita ina. Atolankhani ambiri amatha zaka zingapo m'nyumba zofalitsa nkhani kenako n'kukakhala aneneri a mabanki ndi mabungwe. Koma poyambira muyenera kudziwa imene mtima wanu uli.

2. Dziyeseni nokha musanapemphe malo

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene ndikhalitsepo.

Ndikafunsa wachinyamata chifukwa chimene akufunira utolankhani, mayankho amakhala awa: "anthu amati ndili ndi mawu abwino," "ndimakonda kuyankhula," "ndikufuna kumaoneka pa TV," kapena "masamu anandikanika." Palibe choipa pa mayankhowa, koma palibe ngakhale limodzi limene likunena za ntchito yeniyeniyo. Wowerenga nkhani amene mumamumva 7 koloko madzulo amayankhula mphindi zochepa chabe. Tsiku lonse linathera pa kuimba mafoni osayankhidwa, kudikira pa benchi ku khoti, kumvetsera mobwerezabwereza mawu amene anajambulidwa, ndi kulemba. Digiri iliyonse ya gulu limeneli ndi ya kulemba ndi kuwerenga. Ngati kulemba chimangirizo kunali chilango kwa inu ku sekondale, ganizani kawiri.

Ndiye chitani izi, sabata imodzi yokha, ndi foni ndi kope.

Sankhani nkhani ya m'dera lanu imene anthu akuidandaula. Mwina mjigo unawonongeka miyezi yapitayo ndipo sukukonzedwa, mwina mtengo wa chimanga pa msika wakwera, mwina ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Musasankhe nkhani ya ndale za ku Nyumba ya Malamulo, sankhani imene mungafikeko wapansi.

Funsani anthu atatu osachepera, ndipo asakhale achibale anu. Mmodzi akhale wovutika ndi nkhaniyo, wina akhale woyenera kuyankhapo, monga wapampando wa komiti ya mjigo, amfumu kapena khansala, wachitatu akhale wodziwa za nkhaniyo koma wosakhudzidwa. Dzitchuleni dzina, nenani chimene mukuchita, pemphani chilolezo musanajambule mawu. Lembani mayina awo molondola, muwafunse kalembedwe kake.

Mukabwera, lembani nkhaniyo m'mawu osapitirira 300. Chiganizo choyamba chinene chinthu chachikulu: chachitika n'chiyani, kwa ndani, kuti, liti. Maganizo anu asalowemo. Kenako ilembeninso m'chiyankhulo china: ngati munayamba m'Chingerezi, ilembeni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ngati kuti muiwerenga pa wailesi m'mphindi imodzi. Ijambuleni pa foni, mudzimvere. Pomaliza ipatseni aphunzitsi anu akale a Chingerezi kapena munthu wina wosakunyengererani, muwapemphe kuti aichonge mopanda chisoni.

Tsopano dzifunseni moona mtima kuti mbali imene inakusangalatsani ndi iti. Ngati munakondwa pamene wapampando uja anazemba funso inu n'kulibwereza mwaulemu mpaka anayankha, muli ndi mtima wa mtolankhani. Ngati munayamba kuganiza kuti "komitiyi ikanafotokoza chonchi anthu akanaimvetsa," mukuganiza ngati mneneri. Ngati chimene chinakuvutitsani n'chakuti anthu akumwa madzi a pa chitsime chosatetezedwa ndipo mumafuna kupeza njira yowauzira za kuthira mankhwala, njira yanu ndi ya mauthenga a chitukuko. Ngati munathera nthawi yambiri pa kukonza mawu ndi zithunzi kuti zimveke bwino, ndinu wa ntchito ya manja ija.

Ndipo ngati munachita mantha kufunsa anthu osawadziwa, musataye mtima msanga, manyazi amatha ndi kuzolowera. Chimene sichitha ndi kusafuna kudziwa. Ngati sabata yonse inali yotopetsa ndipo simunafune kudziwa chifukwa chimene mjigowo sukukonzedwera, sankhani maphunziro ena. Mwapulumutsa zaka zinayi.

3. Onani kumene maphunzirowa amapezeka

M'mayunivesite aboma muli atatu amene muyenera kuwayang'ana.

MUBAS ya ku Blantyre, imene ambiri akuitchabe Poly, ili ndi digiri ya Journalism komanso ya Business Communication. Yoyambayo ndi ya amene akufuna kukalowa m'chipinda cholembera nkhani, yachiwiriyo imapendekera ku makampani ndi mabungwe. Ubwino wina ndi malo ake: likulu la MBC, Times Group ndi Nation Publications onse ali mumzinda womwewo.

University of Malawi ya ku Zomba, imene timaidziwa kuti Chanco, ili ndi Media for Development komanso Communication and Cultural Studies. Dzina la yoyambayo likunena lokha kumene ikuloza. Yachiwiriyo ili ndi kuwerenga ndi kusanthula kwambiri, za chiyankhulo, chikhalidwe ndi momwe anthu amapatsirana mauthenga.

Mzuzu University ili ndi digiri ya Communication Studies.

Makolo ena amasokonezeka chifukwa kale Poly ndi Chanco zinali nthambi za yunivesite imodzi. Zinapatukana mu 2021, ndipo tsopano iliyonse ndi yoima payokha. Digiri m'malo onsewa ndi ya zaka zinayi. Mayina a mapologalamu amasinthidwa pang'ono nthawi zina, choncho lembani dzina monga lalembedwera pa chidziwitso cha chaka chimene mukupempha malo.

Kunja kwa aboma kuli African Bible College ku Lilongwe, imene imaphunzitsa zofalitsa nkhani ndipo ili ndi wailesi yakeyake, komanso Blantyre International University imene ili ndi utolankhani. Malawi Institute of Journalism, MIJ, ndi yodziwika ndi satifiketi ndi dipuloma, ndipo ili ndi wailesi ya MIJ FM. Za iyoyi ndinenanso pa sitepe 7.

4. Werengani zam'kati, osati dzina lokha

Pemphani mndandanda wa maphunziro a chaka choyamba mpaka chachinayi. Umapezeka pa tsamba la sukuluyo la pa intaneti kapena ku ofesi ya dipatimenti. Tengani cholembera, muchonge maphunziro amene wophunzira amagwira chinthu ndi manja, monga kulemba nkhani, kujambula, kukonza pologalamu ya pa wailesi, ndipo muwerenge kuti ndi angati poyerekeza ndi a m'mabuku okhaokha. Onse ndi ofunika. Wodziwa kugwira kamera koma wosadziwa malamulo ndi mbiri ya dziko amalemba zopanda mutu. Koma ngati mukufuna kukagwira ntchito pa kanema ndipo pa mndandandapo kujambula kukuoneka kamodzi kokha m'zaka zinayi, mwadziwa kuti luso limenelo mudzalifuna kwina.

Kenako pezani wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi pa pologalamuyo. Safunsa anadya phula. Mufunseni izi: situdiyo ilipo ndipo ikugwira ntchito? Makamera ndi zojambulira mawu ndi zingati, ndipo wophunzira amaloledwa kutuluka nazo? Pali wailesi kapena nyuzipepa ya ophunzira? Aphunzitsi ake anagwirapo ntchitoyi kapena anangoiwerenga? Atachimenti, kutanthauza miyezi imene wophunzira amakagwira ntchito pa kampani kuti aphunzire, imachitika chaka chiti, ndipo malo amakupezera ndi sukulu kapena umadzipezera wekha? Amene anamaliza chaka chatha ali kuti?

Funso lomalizali ndi limene limanena zoona kuposa kabuku kokongola ka sukulu.

5. Tsimikizani kuti NCHE inavomereza pologalamuyo

National Council for Higher Education ndi bungwe limene limalembetsa ndi kuvomereza sukulu za ukachenjede m'dziko muno, ndipo limatulutsa mndandanda wa zimene lavomereza. Pamene ambiri amagwa ndi apa: sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma pologalamu imene inu mukuifuna isanavomerezedwe, kapena yovomerezedwa pa nthambi ya mumzinda wina osati imene inu mukupita. Yang'anani dzina la sukulu, dzina la pologalamu, ndi nthambi yake. Musakhutire ndi mawu a wa ku ofesi yolembetsa oti "zili m'njira." Pepala losavomerezedwa limadzakuvutitsani pofunsira ntchito m'boma ndiponso pofuna kupitiriza maphunziro. Makamaka inu makolo amene mukulipira ku sukulu zomwe si zaboma, chitani izi musanapereke ndi tambala yomwe.

6. Mapointi ndi kudzaza fomu

Kuti mupemphe malo ku yunivesite yaboma mufunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Giredi iliyonse kuyambira 1 mpaka 6 imawerengedwa ngati kirediti, ndipo 1 ndi 2 ndiwo apamwamba kwambiri. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene munakhoza bwino, ndiye ochepa ndiwo abwino. Koma makirediti asanu ndi limodziwo amangokulolani kulowa mu mpikisano. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo pa mapologalamu amenewa giredi ya Chingerezi imayang'anidwa kwambiri. Pologalamu iliyonse imakhalanso ndi zofuna zakezake, ndipo zimalembedwa pa chidziwitso chimene NCHE imatulutsa poitanitsa ofuna malo. Chiwerengeni chonse, mzere ndi mzere.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri ndi zitatu. Choyamba, kulemba pologalamu imene simukukwanitsa zofuna zake, poganiza kuti mwina mwayi ugwa. Malo amenewo pa fomu mwangowataya. Chachiwiri, kuika pamwamba pologalamu imene anzanu akuitama, imene inu mumaifuna n'kuiika pansi. Ikani patsogolo chimene sitepe 2 inakuonetsani. Chachitatu, kusiyira munthu wa pa kafe ya intaneti kuti akudzazireni fomu inu muli panja. Khalani pomwepo, onani dzina lanu, nambala ya mayeso ndi mapologalamu musanatumize, ndipo sungani risiti ya ku banki ndi kope ya fomuyo.

Munthu aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo ndi wakuba.

7. Ngati dzina lanu silinatuluke

Si mapeto. Atolankhani ambiri odziwika m'dziko muno anayambira pa satifiketi kapena dipuloma, ambiri a iwo ku MIJ, n'kugwira ntchito, kenako n'kudzalowa ku yunivesite kudzera pa khomo la akuluakulu limene amati mature entry. Khomo limeneli limafuna dipuloma yovomerezeka ndipo nthawi zambiri zaka zingapo za ntchito. Amene amadzera njirayi amafika m'kalasi akudziwa kale chimene akufuna, ndipo zimaoneka pa ntchito yawo. Chofunika n'kufunsiratu ku yunivesite imene mukuilakalaka ngati imalandira dipuloma ya kumene mukufuna kuyambirako.

Njira ina imene achinyamata saiganizira ndi kuphunzira zina kenako n'kudzalowa utolankhani. Amene ali ndi digiri ya zachuma, zaulimi, zaumoyo kapena zamalamulo ndipo amatha kulemba ndi wosowa kwambiri m'nyumba zofalitsa nkhani. Bajeti ya boma ikaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo, mkonzi amasakasaka munthu woti aimasulire anthu wamba.

8. Werengerani ndalama zonse, osati fizi yokha

Kuwonjezera pa fizi pali malo ogona, chakudya ndi thiransipoti. Maphunziro awa alinso ndi zawozawo: laputopu yotha kunyamula mapulogalamu odulira mavidiyo, foni yojambula bwino, mahedifoni, ndi bandulo ya intaneti mwezi ndi mwezi. Nthawi ya atachimenti ndiye imadula kwambiri, chifukwa malo ambiri salipira kapena amangopereka kangachepe, pomwe inu mukufunika kukhala ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu miyezi ingapo. Banja likambirane zimenezi chaka choyamba, osati sabata yonyamuka.

Ovutika angathe kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Pemphani msanga chidziwitso chikangotuluka, mapepala onse ali m'manja. Ndipo dziwani kuti ndi ngongole, idzabwezedwa.

Ndinenenso chimene makolo ayenera kumva: malipiro oyambira m'nyumba zambiri zofalitsa nkhani ndi ochepa. Za uneneri ndi za m'mabungwe zimalipirako bwino, koma kumeneko amafuna munthu amene waonetsa kale ntchito.

9. Mukalowa, yambani ntchito chaka choyamba

Pofunsira ntchito mkonzi sayamba ndi magiredi anu. Amati, "Tione zimene walemba." Choncho tsegulani foda tsiku loyamba, muzisungamo chilichonse chimene mwatulutsa: nkhani yosindikizidwa, mawu a pologalamu, kavidiyo, zithunzi. Pofika chaka chachinayi mukhale ndi ntchito khumi kapena kuposa zimene simungachite nazo manyazi.

Pa tchuthi pitani ku wailesi ya m'dera lanu mukadzipereke. Mawailesi monga Mudzi Wathu ku Mchinji, Dzimwe ku Mangochi, ya Nkhotakota ndi ya Mzimba amapatsa wachinyamata mwayi wogwira maikolofoni msanga kuposa nyumba zikuluzikulu, kumene mungathe mwezi wonse mukungoperekeza anzanu. Ku maofesi a zofalitsa nkhani a m'maboma, kumene kumachokera nkhani za Malawi News Agency, nakonso ndi koyenera kugogoda.

Musanyoze chiyankhulo chanu. M'kalasi zonse zidzakhala m'Chingerezi, koma Amalawi ambiri amamva nkhani pa wailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi zina. Mpaka m'zaka zoyambirira za m'ma 1990 wailesi inali imodzi, MBC. Lero alipo ambirimbiri, ndipo Zodiak, imene inayamba mu 2005, inakula chifukwa choyankhula ndi anthu a kumudzi m'chiyankhulo chawo. Womaliza digiri amene angathe kutenga chikalata cha Reserve Bank n'kuchifotokoza m'Chichewa chomveka, chosakhala Chingerezi chovekedwa mawu a Chichewa, sasowa pogwira. Luso limeneli muyenera kulisula nokha: tsiku lililonse tengani nkhani imodzi ya mu nyuzipepa, muinene mokweza ngati mukuuza agogo anu.

Phunzirani malamulo okhudza ntchitoyi mwakhama, musangowaloweza kuti mukhoze mayeso. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi aboma, Access to Information Act, linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo wophunzira aliyense ayenera kuyesako kulemba kalata yopempha uthenga pogwiritsa ntchito lamuloli asanamalize sukulu. Dziwani ntchito ya MACRA, imene imapereka ziphaso kwa mawailesi ndi makanema, werengani malamulo a khalidwe a Media Council of Malawi, ndipo tsatirani zochita za MISA Malawi, bungwe lomenyera ufulu wa atolankhani. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security likukhudzanso zimene mumalemba pa Facebook, ngakhale musanalembedwe ntchito. Olemba ntchito nawonso amayang'ana masamba anu a mchezo.

Pa atachimenti mudzakumana ndi chipondamthengo. Imeneyi ndi envelopu imene okonza msonkhano amapereka kwa atolankhani pomaliza, ena amaitcha ya thiransipoti. Mudzaona akuluakulu akusayinira, ndipo m'thumba mwanu mudzakhala mulibe kanthu. Funsani mkonzi wanu tsiku loyamba kuti lamulo la nyumbayo likuti chiyani pa zimenezi. Ndipo gwirani ichi: ndalama imene ikupangitsani kusiya funso limene munayenera kufunsa, kapena kubisa nkhani imene munayenera kulemba, yakugulani. Dziko lathu ndi laling'ono, anthu a ntchitoyi amadziwana onse, ndipo mbiri yoti uje amagulika imafika kwa akonzi ena inu musanatumize n'komwe kalata yofunsira ntchito.

Atachimenti ikatha, pemphani kalata ya umboni kwa amene amakuyang'anirani musanachoke, ndipo tengani makope a ntchito zonse zimene zinatuluka ndi dzina lanu. Mukadikira chaka, mudzapeza mkonzi uja anasamukira kwina.